Maliro a Njiri pa Phewa la Chimphona

Ndikakuuzani kuti mtembo unagonjetsa chimphona uli chigonere, osatukula ngakhale chala, mudzati bambo uyu wayambanso zake zija. Nenani, pakamwa ndi panu. Koma wotsutsa asachoke. Akhale mpaka kumapeto andigwire pamene ndanama, akalephera mawa akandithandize kupalira. Padangokhala. Inu muziti tili tonse, ngakhale munene ndi mphuno.

Kalelo, nyama zikadali kupalana moto, zinali ndi masewera a m'dzinja otchedwa Ulendo. Mvumbi ukakana kukata, makasu akatsamira khoma, zinkasonkhana pansi pa nkhokwe ya Nungu.

Nungu ndiye anali mwini mphasa. Iyeyo ankapeka dziko lonse ndi pakamwa: njira ikupita uku, apa pali mtsinje, uko kwabisala chilombo. Wosewera aliyense ankaumba munthu wake wa m'mutu n'kumamuyendetsa m'dzikomo, nayenso ndi pakamwa. Patsogolo pa aliyense panali timaenje ngati ta bawo, ka mphamvu, ka liwiro, ka matsenga. Nungu ankakupatsa nyemba zodzaza dzanja kuti ugawe m'timaenjemo mmene wafunira. Munthu wako akafuna kuchita chovuta, unkaponya makoko a mtedza, ochuluka molingana ndi nyemba za m'dzenje la ntchitoyo. Ambiri akagwa chagada, zatheka. Akagwa chafufumimba, lira.

Kumapeto kwa mzere kunali kadzenje kena, ka mwambo. Nungu anakakumba chifukwa cha matama. "Dziko langa si masanje," ankatero. "Chimene chili mwambo kunja kuno ndi mwambo pamphasa panga." Koma panalibe amene ankatayiramo nyemba. Munkagona nyerere.

Lamulo lowawa linali limodzi. Mphasa inkakwana osewera atatu basi. Munthu wako akafa n'kuikidwa m'manda, unkabweza nyemba, n'kudzuka, pamalo pako n'kukhala wina. Ndipo wina analipo kale: Chiuli, mnyamata wamangawa wa chifuwa chotambalala, amene ankakhala pamtondo pambali n'kumadikira tsoka la anzake.

Tsono tiyeni kwa Njiri, pakuti nthanoyi ndi yake. Njiri anali kapitawo wa asilikali pa unyamata wake. Msampha unamudya mwendo wakumbuyo, mkazi wake anatsogola, ana anapita kuchikamwini n'kuiwala njira. M'nyumba mwake munkalankhula mbewa zokha. Pamphasa ya Nungu pokha ndi pamene Njiri ankathamangabe, kulumpha mitsinje, kukuwa mpaka nkhokwe kugwedera. Ankadziwanso bwino kuti tsiku limene adzadzuke pamphasapo sadzabwererapo. Anzake anali ochenjera, anthu awo sankafa wamba, malo sankatseguka.

Tsiku loyamba la Ulendo watsopano Nungu anakhosomola n'kunena kuti, "Chimphona chaba dengu la mbewu za dziko lonse, chakwera nalo phiri. Mukapanda kukalanda, chaka chino kulibe kudzala. Umbani anthu anu."

Njiri sanaganize kawiri. Nyemba zonse khuthulu m'dzenje la mphamvu. "Wanga ndi Chiswamiyala. Nkhwangwa kumanja, nkhwangwa kumanzere."

"Ubongo wasiya kunyumba chifukwa umalemera," anatero Likongwe.

Likongwe ameneyu anali mlamu wa Njiri, anakwatira mlongo wake. Kanali kanyama koonda, ka maso osakhazikika, kodana ndi thukuta.

Wachitatu anali mayi Nkhanga, mzamba wa m'mudzimo. Iwo anagawa nyemba pakati, zina ku matsenga, zina ku liwiro. "Wanga ndi mayi woitana mphenzi," anatero, "wodziwanso kuthawa mphenziyo ikachedwa."

Likongwe anawerama, anauzira nyerere m'kadzenje ka mwambo kuti fuu, n'kuthiramo nyemba zake zonse mpaka kusefukira.

"Alamu, nyemba zatayika," anatero Njiri.

"Zafika kwawo, alamu."

"Munthu wanuyo ndani?"

"Mdzukulu wa kumanda. Wokumba uja. Ali ndi khasu lakutha, mkeka wokulungira, ndi khosi loimbira."

"Mkondo?"

"Alibe."

"Liwiro?"

"Munaona kuti wa maliro akuthamanga?"

"Nanga chimphona chikatulukira adzatani?" anafunsa mayi Nkhanga.

"Adzachifunsa ngati kunyumba kuli wodwala."

Chiuli anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa pamtondo. "A Nungu, ndipukutiretu malo a Likongwe? Sachedwa awa."

Nungu anangogwedeza minga yake. Mumtima anakondwa kuti kadzenje kake kaona nyemba.

Ananyamuka. Pa doko loyamba Nungu anawatumizira achifwamba a m'madzi. Njiri anakuwa, anaponya makoko, ambiri chagada. Chiswamiyala anawaswa ngati maungu. Mphenzi ya mayi Nkhanga inatsiriza otsala.

"Nanga mdzukulu akutani?" anafunsa Nungu.

"Akuwaika."

"Adani?"

"Wakufa alibe mbali, a Nungu. Akukumba, akuwakulunga, akuwalozetsa mitu koyenera. Wina asakhudze, ntchito ndi ya mdzukulu."

"N'zoona," anatero Nungu mokhutira. "Pamene pali mdzukulu, wina sagwira manda."

Apa Likongwe anayambitsa nyimbo yake. Inali nyimbo ya adzukulu, yoyenda pang'onopang'ono ngati anthu osenza katundu, koma mawu ake anali achipongwe. Inkatamanda wakufa pa zinthu zimene munthu satamandidwa nazo, kuumira kwake, mkonono wake, mbale zimene anabwereka osabweza. Pothera pa mzere uliwonse omvera ankayenera kuvomera ndi kubuula kumodzi kwakuya, ngati munthu amene akusintha phewa. Tsiku limenelo panalibe amene anavomera. Likongwe anabuula yekha.

"Tikutaya nthawi ndi mitembo, alamu," anadandaula Njiri. "Mbewu zikutidikira."

"Maliro n'kulirana, alamu."

"Ine sindifa."

Mvula itagwanso anakumananso. Nungu anati, "Mwafika pampata. Pali amuna a mikondo, ochuluka ngati linthumbu. Akuti palibe wodutsa."

"Tizungulire," anatero mayi Nkhanga.

"Tiwafunse kaye za kwawo," anatero Likongwe.

Koma Njiri anali atadzuka kale pa mwendo wake wabwino uja, mano ali kumwamba. "Chiswamiyala sazungulira! Akulowa pakati!"

Anatola makoko odzaza manja awiri, anawagwedeza, anawaponya. Anagwa kuti wayawaya. Onse anawerama kuyang'ana. Chafufumimba. Chafufumimba. Ili chafufumimba, ilo chafufumimba. Limodzi lokha linazungulira, linazungulira, nalonso n'kudzigwetsa chafufumimba.



Nungu analankhula motsitsa, chifukwa sanali wankhanza, anali wa lamulo chabe. "Chiswamiyala waterereka pamatope. Mikondo yamupeza. Watisiya."

Njiri anakhala pansi. Anaona nyumba yake ija m'maganizo, mbewa zikuthamanga pamtanda, mvula ikugwa kunja popanda kopita. Anatambasula dzanja kuti akolole nyemba zake abweze. Chiuli anali atatsika kale pamtondo, akusasa kumbuyo.

"Mukupita kuti, alamu?" anafunsa Likongwe.

"Simunamve? Ndafa."

"Mwafa, inde. Wakuikani ndani?"

Nungu anati, "Mwambo wake ndi womwewo. Munamuika, munalira, Ulendo ukupitirira."

"Pepani a Nungu. Kale munkatero chifukwa panalibe mdzukulu. Dzana lomweli pa doko munanena ndi pakamwa panu kuti pamene pali mdzukulu wina sagwira manda. Kapena dziko lanu lasanduka masanje?"

Minga ya Nungu inaima. "Kumbani tsono."

"Pano? Pamsewu, ngati galu? Munthu amakagona kwa amayi ake. Kwawo kwa malemuwa ndikudziwa ine, ndinakwatira komweko. Ndi kuseri kwa phiri la Chimphona."

"Bodza!" anakuwa Chiuli. "Kuseri kwa phiri kulibe mudzi!"

"A Nungu, kuseri kwa phiri munakupeka kale?"

Nungu anakanda pachibwano. "Sindinafikeko."

"Ndiye Chiuli wakuona bwanji? Ndiponye."

Anaponya makoko a mwambo, ndipo anali ambiri, chifukwa nyemba zake zonse zinali kumeneko. Chagada mbwee. Nungu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mudzi ulipo. Maliro apita kwawo. Mpaka dothi litagwa pa iye, Njiri sabweza nyemba."

"Nanga ine?" anatero Chiuli, maso ali psuu. "Ndadikira mpaka mtondo wandidziwa!"

"Inu ndi amene ndimakufunani, achimwene," anatero Likongwe. "Chithatha chili ndi mbali ziwiri, ine ndili ndi phewa limodzi lolimba. Mayi Nkhanga ndi olira, sasenza. A Nungu, mtembo umadziyendera wokha m'dziko lanu?"

"Suyenda."

"Ndiye tikufuna wosenza. Wosenza maliro sathamangitsidwa."

Nungu anapumira m'mwamba, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chiguduli n'kuchiyala kumapeto kwa mphasa. Anapatsa Chiuli nyemba. Chiuli anakhala pachigudulipo akumwetulira ngati mkamwini amene wapatsidwa ntchafu ya nkhuku, mkwiyo wonse wapita ndi mvula.

Koma Nungu anatembenukira kwa Njiri n'kukweza chala. "Mverani, kapitawo. Mtembo sulankhula. Ulendo ukayamba, pakamwa panu tseke mpaka nditanena kuti lero tathera pano. Mukangotulutsa liwu, ndiye kuti malemu ndi mfiti. Mfiti saiperekeza kwawo, amaitaya pomwepo. Mwamva?"

Njiri anafuna kuyankha. Likongwe anamuponda phazi. Njiri anagwedeza mutu.

Inu, kuuza Njiri kuti akhale chete kunali ngati kuuza chule kuti asalire m'dambo. Madzulo ake akubwerera anakalipira mlamu wake njira yonse.

"Mwandichititsa manyazi! Ine kapitawo, ndigone pachithatha ngati thumba la gaga? Bola ndikanadzuka mwaulemu!"

"Mukanadzuka n'kupita kuti, alamu?"

Njiri anatsimphina kulowera kwawo, Likongwe akumukuwira kumbuyo.

"Mawa mubwere. Mtembo wojomba sindinauonepo."

Anabwera. Anabwera woyamba, n'kukhala pamalo pake, kukamwa atamanga ngati thumba la fodya.

Nungu anati, "Amuna a mikondo aja akadali pampata."

"Mdzukulu akuthyola masamba aawisi, akuwayala panjira," anatero Likongwe. "Tasenza. Mayi Nkhanga, lirani."

Mayi Nkhanga analira, ndipo anali katswiri, maliro ambiri anawaona. Likongwe anayambitsa nyimbo ija. Tsopano inkatamanda Chiswamiyala: mmene ankadyera osasamba m'manja, mmene ankalowera m'nyumba za eni ndi mutu chitseko chili chotsegula. Pothera pa mzere Chiuli anabuula kuchokera pansi pa mimba, mayi Nkhanga nawo anabuula. Njiri anatupa, anatupa, tsaya likunjenjemera, osadziwika ngati ndi mkwiyo kapena phwete. Koma sanatsegule pakamwa.

Makoko anagwa chagada. Nungu anati, "Amuna a mikondo avula zipewa. Apatuka. Agwada m'mbali mwa njira."

"Mdzukulu waona tambala wawo," anatero Likongwe. "Wamugwira."

"Tambala wa eni?"

"Mdzukulu akagwira nkhuku pamaliro, ndani amamuletsa?"

"Palibe," anavomera Nungu, akuseka m'kamwa. "Tengani."

Mpata umene unapha mwini nkhwangwa ziwiri anaudutsa ndi masamba, n'kupindulapo tambala.

Tsono Nungu anayamba kuwawidwa. Anakonda mwambo, inde, koma sanafune kuti kanyama koonda kamudyere dziko lonse. Tsiku lotsatira anati, "Afisi a mfiti amva fungo. Awa sadziwa masamba, sadziwa nyimbo. Agwira mkeka ndi mano, akukoka mtembo."

Mphenzi ya mayi Nkhanga inagwa chafufumimba. Anathawira mumtengo. Wosenza wa Chiuli analumidwa mwendo. Likongwe anaponya makoko a mwambo, Nungu anawakankhira pambali. "Fisi alibe mwambo."

Njiri anaona kuti kwatha. Anayang'ana mlamu wake. Likongwe sanamuyang'ane, anangofunsa Nungu ngati akufunsa za nyengo.

"A Nungu, simunamvepo kuti maliro akana? Kuti anthu asenza, mtembo n'kulemera mpaka amuna kugwada?"

"Ndinamvapo. Ndinaonapo ndi maso, pa maliro a atsibweni anga."

"Nyemba za mphamvu za malemuwa zikadali m'dzenje. Sanabweze."

Nungu anayang'ana Njiri. Njiri anamva magazi akuthamanga mpaka m'mwendo wakufa uja. Anatola makoko mwakachetechete, iye amene moyo wake wonse ankaponya ndi mfuu. Anaponya. Chagada.

"Mtembo wakana," anatero Nungu pang'onopang'ono. "Walemera ngati mwala wa mphero. Afisi akoka, akoka, mano atsala mumkeka. Athawa akulira ndi usinini."

Chiuli anamenya pansi ndi chibakera. "Malemu amenewa ndi amuna!"

Nyimbo inayambanso, ndipo ulendo uno Nungu yemwe anabuula nawo osazindikira. Njiri anagwira pakamwa ndi manja awiri. Sanakhalepo wamphamvu chotero ali moyo.

Kuyambira tsiku limenelo Njiri anaphunzira kusewera mtembo. Anaphunzira kulemera panthawi yake ndi kupepuka anzake akatopa. Anaphunzira kukokera osenza kumanzere pamene akuona kuti kumanja Nungu watchera msampha, chifukwa wokhala chete amaona zambiri. Anayamba kumva mmene mayi Nkhanga amaganizira asanaponye, chinthu chimene kale mfuu yake inkaphimba. Akaweruka ankalankhula njira yonse osapuma, mawu a tsiku lonse akutuluka ngati mbuzi m'khola, Likongwe akungoti, "Ee, alamu. Ee, malemu."

Potsiriza anafika paphiri. Tsiku limenelo pansi pa nkhokwe panadzaza oonerera, mbiri ya mtembo wosewera itamveka mudzi wonse. Nungu anadzitukumula, anakulitsa mawu.

"Chimphona chaima panjira. Dengu la mbewu lili pamutu pake. Nkhwangwa imathyoka pakhungu lake, mphenzi chimaimeza ngati phala. Chikuti: mwandibweretsera ndiwo."

Mayi Nkhanga anayang'ana dzenje lawo la liwiro. Likongwe anawomba m'manja mwaulemu.

"Mdzukulu akuti: zikomo agogo, tadutsa ndi zovuta. Tatopa. Mwamuna akakumana ndi maliro panjira amatani?"

Nungu anazengereza. Oonerera anayankha m'malo mwake, "Amalandira! Amasenzako!"

"Chimphona si munthu," anatero Nungu.

"Chili ndi amayi?"

"Chinali nawo."

"Anachiikira ndani?"

Nungu analuma mlomo. "Ponyani."

Makoko a mwambo anagwa, ena uku ena uku. Anawerengera pamodzi, mitu itagundana. Achagada anapambana pang'ono pokha.

"Chabwino," anatero Nungu. "Chimphona chachita manyazi. Chatula dengu pansi, chifukwa sungasenze maliro ndi katundu pamutu. Chalandira chithatha chokha, mbali zonse ziwiri, paphewa limodzi. Koma chisanayende chasuzumira mumkeka."

Apa Nungu anayang'ana Njiri m'maso. Ankafuna aone ngati mtembo ndi mtembodi. Analankhula ndi mawu a Chimphona.

"Ha! Ndi uyu? Ndimamudziwa uyu. Si uja ankadzitcha kapitawo? Wa phokoso uja? Anafa ngati nkhuku pamatope. Ndi chifukwa chake akumuperekeza alendo. Ana ake ali kuti? Ndani amamufuna uyu? Akanakhala munthu, akanadzuka n'kundiyankha."

Oonerera anasiya kuseka. Mawuwo anali atadumpha mphasa, aliyense anamva. Mano aatali a Njiri anagundana. Mfuu inakwera kuchokera m'mimba, inafika pakhosi, inafika kuseri kwa lilime. Liwu limodzi lokha, Chimphona chikanadziwa kuti kapitawo ndani. Liwu limodzi lokha, n'kubwerera kwa mbewa.

Pamenepo Likongwe anayamba nyimbo ija motsitsa kwambiri. Koma mawu anawasintha. Sanaimbe za mkonono kapena za m'manja mosasamba. Anaimba za munthu amene anabereka mlamu wake kumsana chaka cha chigumula, amene ankagawa chinangwa chake n'kunama kuti wadya kale. Zimenezo sizinali za Chiswamiyala, ndipo onse anadziwa. Pothera pa mzere nkhokwe yonse inabuula pamodzi, oonerera ndi osewera, mpaka fumbi linagwa kuchokera kumwamba.

Njiri anameza mfuu ija. Inatsika movuta ngati fupa. Misozi inayenderera mpaka kunsonga za mano. Anatola makoko ake onse, anawagwira pachifuwa, anawasiya agwe.

Chagada. Onse, mpaka kakoko kothyoka kamene kankagwa chafufumimba masiku onse.

Nungu anaima, minga ili njo, mawu akunjenjemera ndi chisangalalo cha mwini nkhani amene nkhani yake yamupitirira. "Mtembo wakana! Walemera ngati phiri lomwelo! Chimphona chalowa m'nthaka mpaka m'mawondo! Mpaka m'chiuno! Chikukuwa kuti, ndilandireni, ndilandireni!"

"Mdzukulu akumanga lamba wa nsapato," anatero Likongwe.

"Mdzukulu wanu alibe nsapato."

"Ndiye akuzifunafuna."

"Wanga mwendo uja wa afisi wayambanso," anatero Chiuli.

"Ine ndine wolira," anatero mayi Nkhanga, "ndipo ndikulira ndi dengu pamutu, ndikutsika nalo phiri."

"Chimphona chiponya mtembo pansi!" anakuwa wina mwa oonerera.

Nungu anatembenuka mwaukali. "M'dziko langa? Wosenza maliro satula mpaka wina amulandire. Ngakhale chimphona chimadziwa zimenezo. Chaima pomwepo."

Mbewu zinafika kumudzi. Anthu a m'dziko la Nungu anadzala. Pansi pa nkhokwe panali nthungululu ngati zadzalidwadi.

Phokoso litatsika, Chiuli anafunsa funso limene Njiri ankaliopa. "Tsono Ulendo watha. Malemu aikidwa liti?"

Njiri anayang'ana nyemba zake. Anali wokonzeka. Anaganiza kuti ngati n'kudzuka, adzuka atasewera masewera amene sanasewerepo chibadwire.

Likongwe anayasamula. "Kuti tiwaike, wina akalandire chithatha paphewa pa Chimphona. Akangolandira, Chimphona chamasuka, ndipo chikudziwa kumene kwapita dengu. Apite ndani? Inu achimwene?"

"Ine ayi," anatero Chiuli.

"Komanso malemu akangopepuka tsiku limodzi, chizula miyendo n'kutsika nawo kumudzi. A Nungu, ndanama?"

Nungu anayendetsa nkhaniyo m'mutu, kufunafuna pobowoka. Sanapapeze. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwa m'mbuna yokumba yekha n'kupeza kuti ndi yokumbidwa bwino.

"Mverani nonse. Ulendo uliwonse umene tidzayambe pamphasa pano, tisanaponye china chilichonse, Njiri aziyamba waponya makoko a kulemera. Akajomba, Chimphona chatsika, ndipo anthu anu nonse ndi ndiwo. Kapitawo, malo amenewo ndi anu. Mukadwala tidzakunyamulani. Chiguduli nachonso chikhale. Lero tathera pano."

Atangomva kuti tathera pano, onse anatseka makutu kudikira mfuu ya Njiri. Sinabwere. Njiri anakhala chete kanthawi, ngati wazolowera. Kenako anatembenukira kwa Likongwe, pamaso pa anthu onse, n'kunena kuti, "Alamu, ndinkakuyesani chitsiru pamene munathira nyemba m'dzenje la nyerere. Munandisenza pamene ndinalibe wondisenza. Zikomo. Zikomo kwambiri."

Likongwe anati, "Musathokoze, alamu. Mukulemera."

Ndi mmene zinathera, mphonje pamoto, nthano yapsa.

Tsono wotsutsa uja ali kuti? Mwandigwira pati? Pa chimphona? Ayi. Pa afisi osiya mano mumkeka? Ayinso. Mwalephera, ndikuuzeni ndekha. Zikomo uja ndaikapo ine. Njiri sananenepo mawu amenewo, pakamwa pake sipanapangidwire zimenezo. Chimene anachita n'chakuti tsiku lotsatira anaona kuti pamene pamakhala Likongwe pakudontha. Anadzikoka ndi mwendo wake wopuwala uja, anasendera, anamukankhira mlamu wake pouma, iye n'kukhala podonthapo mpaka kuweruka, madzi akumugwera pamutu, ali chete ngati mtembo.